Phesi Sililowa m'Nkhokwe

Pa tsiku la 6 Disembala, chaka cha 1273, wansembe wina wa chipani cha Dominic Woyera adapereka nsembe ya Misa m'mamawa mu mzinda wa Naples, m'dziko la Italy, monga adazolowera kuchita masiku onse. Dzina lake ndiye Thomas Aquinas. Adali mmodzi mwa aphunzitsi omveka koposa a nthawi imeneyo, munthu amene Apapa adali kumufunsa nzeru, ndipo adali pakati pa kulemba buku lalikulu lofotokoza chiphunzitso chonse cha Eklezia. Koma atatuluka m'tchalitchi tsiku limenelo adaika cholembera chake pansi, ndipo sadachitolenso. Mlembi wake, Reginald wa ku Piperno, amene adakhala naye zaka zambiri, adazizwa, namuumiriza kuti atsirize ntchito ija. Thomas adamuyankha kuti sangathe, pakuti zonse zimene adalemba zidamuonekera ngati mapesi ouma pozilinganiza ndi zimene adaziona. Patapita miyezi itatu adamwalira, buku lija lili losatha.

Eklezia akumbukira munthu ameneyu pa 28 Januwale chaka ndi chaka, ndipo mu 1880 Papa Leo XIII adamuika kukhala nkhoswe ya sukulu zonse za Katolika. Apa ndiye pali chodabwitsa. Nkhoswe ya sukulu ndi munthu amene adatcha maphunziro ake mapesi! Kodi Eklezia adaphonya posankha? Kapena kodi m'mau aja muli chinthu chimene mphunzitsi ndi wophunzira aliyense ayenera kuchimva?

Funso limeneli si la ku seminale kokha ayi. Likhudza bambo amene wagulitsa mbuzi yake yotsiriza kuti alipire fizi. Likhudza mayi amene alima yekha m'munda chifukwa ana onse ali ku sukulu. Likhudza mphunzitsi woimirira pamaso pa ana ochuluka osakwana m'chipinda, ndiponso mnyamata ndi mtsikana amene agona mochedwa poopa mayeso. Pakuti banja likapanda kudziwa chimene maphunziro ali, lingathe kutaya chuma ndi zaka, ndi kukolola mwana wodziwa zambiri koma wopanda nzeru.

MWANA WOFUNSA

Thomas adabadwa cha m'ma 1225 ku Roccasecca, pafupi ndi Aquino, m'banja la anthu olemekezeka. Ali ndi zaka ngati zisanu makolo ake adampereka kwa abambo a chipani cha Benedict Woyera ku Monte Cassino kuti aphunzire. Olemba za moyo wake asimba kuti kamwanako kadali kuvutitsa aphunzitsi ake ndi funso limodzi, kufuna kudziwa kuti Mulungu n'chiyani. Funso limenelo adapita nalo ku yunivesite ya Naples mu 1239, ndipo adakhala nalo kufikira tsiku la imfa yake.

Makolo ake adali ndi maganizo ao. Adafuna kuti mwana wao adzakhale mkulu wa Monte Cassino, nyumba ya minda yambiri ndi yaulemu waukulu, kuti banja lonse lidzadyere pamenepo. Kwa iwo maphunziro adali makwerero okwerera pa mpando. Tsono pamene Thomas adalowa chipani cha Dominic Woyera mu 1244, chipani chatsopano cha alaliki osauka amene adali kupempha chakudya chao, abale ake adachiyesa chinthu chamanyazi. Adamgwira pa njira, namtsekera m'nyumba ya banja kwa nthawi ngati chaka chathunthu. Adamnyengerera, adamuopseza, koma iye sadatembenuke. Potsiriza adamleka apite.

Mkangano umenewo sudathe mu 1245. Ulipo m'banja lililonse limene litumiza mwana ku sukulu. Ena afuna maphunziro kuti apeze mpando, ena afuna maphunziro kuti apeze choonadi. Kufuna ntchito yabwino si tchimo, pakuti munthu ayenera kudya ndi kusamala abale ake. Koma mpando ukakhala cholinga chokha, wophunzira aphunzira zokhazo zimene zimkweza, ndipo zimene zimuongola azitaya. Thomas sadasinthe ngakhale atakula: pamene adafuna kumpatsa udindo wa Arkiepiskopi wa Naples, adakana, nakhalabe mphunzitsi.

Ku Paris ndi ku Cologne adaphunzira pansi pa Albert Wamkulu Woyera. Popeza adali wathupi lalikulu ndi wosalankhulalankhula, anzake adampatsa dzina lachipongwe, namutcha ng'ombe yosalankhula. Koma Albert, ataona zolemba zake, adawauza kuti kulira kwa ng'ombe imeneyo kudzamveka dziko lonse. Anzake aja adaganiza kuti wodziwa ndiye wophokosera. Adaiwala kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

SADANYOZE NZERU

Munthu asaganize kuti Thomas adatcha zolemba zake mapesi chifukwa chopeputsa nzeru za munthu. Palibe adazilemekeza koposa iye. Adakhala mphunzitsi wamkulu ku Paris mu 1256, ndipo adagwira ntchito kotero kuti nthawi zina adali kuuza alembi atatu kapena anayi zolemba zosiyana pa nthawi imodzi. Buku lake lija, lotchedwa Summa Theologiae, adalilemba ngati zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'mene adalisiya lidali ndi mafunso aakulu 512, ogawidwa m'timitu toposa 2,600. Adalekera pa funso la 90 la gawo lachitatu, akufotokoza za Sakramenti la Kulapa.

Kalembedwe kake n'kophunzitsa pa kokha. Pa kamutu kalikonse ayamba ndi funso. Asanapereke yankho lake ayamba wandandalika zifukwa za anthu otsutsana naye, ndipo azifotokoza mwachilungamo, osazichepetsa. Atatero m'pamene anena maganizo ake, nabwereranso kuyankha otsutsa aja mmodzimmodzi. Ali ngati mfumu yabwino pa bwalo, imene sigamula mlandu isanamve mbali zonse. Ndiponso sadaope kutunga pa chitsime cha mlendo. Adawerenga Aristotle, Mgriki amene adakhala zaka mazana atatu ndi kuposa Ambuye Yezu asanabadwe. Adawerenga Avicenna ndi Averroes, amene adali Asilamu. Adawerenga Maimonides, amene adali Myuda. Pamene adanena zoona adawavomereza, pamene adalakwa adawatsutsa mwaulemu. Adakhulupirira kuti choonadi chilichonse, ngakhale chituluke m'kamwa mwa yani, gwero lake ndi Mulungu, ndi kuti chikhulupiriro ndi nzeru sizingatsutsane, pakuti zonse ziwiri ndi mphatso za Mwini mmodzi. Eklezia adatsimikiza zimenezi pa Msonkhano woyamba wa ku Vatican mu 1870, pophunzitsa kuti munthu angathe kudziwa ndithu kuti Mulungu alipo pogwiritsa ntchito nzeru zake zachibadwa poyang'ana zolengedwa.

Tsono amene adanena za mapesi ndi mlimi amene adalima munda wonse kufikira kumalire. Ndipo chifukwa adafika kumalire, adawaona. Malirewo alipo atatu.

MALIRE OYAMBA: ZOLENGEDWA ZICHULUKIRA MUTU

Chaka chomwecho cha 1273, polalikira anthu wamba a ku Naples za Kumvera kwa Apostoli, Thomas adawakumbutsa kuti palibe katswiri ndi mmodzi yemwe amene adatha kufufuza mpaka pamapeto chikhalidwe cha ntchentche imodzi yokha. Ngati ntchentche imlaka munthu, nanga dziko lonse?

Mbiri yasonyeza kuti adanena zoona, ndipo yasonyeza pa iye yemwe. Akatswiri a nthawi yake, pamodzi ndi Thomas, adaganiza kuti dziko lapansi laima pakati ndipo dzuwa lilizungulira; buku la Nicolaus Copernicus lonena kuti dziko ndilo lizungulira dzuwa lidatuluka mu 1543. Kwa zaka mazana ambiri asing'anga ophunzira a ku Ulaya adaphunzitsa kuti malungo abwera ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lakuti malaria m'chilankhulo cha ku Italy litanthauza zomwezo. Mu 1880 m'pamene Alphonse Laveran adaona kachilombo kake m'magazi a wodwala ku Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross adakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Zimene mwana wa ku pulayimale adziwa lero, madokotala a mafumu sadazidziwe.

Munthu angati: izo n'zakale, tsopano zonse zadziwika. Koma akatswiri eni ake satero. Mu 1927 wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, adasonyeza mwa masamu kuti thambo lonse lili kufutukuka, ndipo kuyambira pamenepo ofufuza aona kutali kumene makolo ao sadalote. Komabe iwo omwe avomereza kuti zinthu zonse zimene aziona ndi kuzidziwa mtundu wake, nyenyezi, maiko, madzi, miyala ndi matupi a anthu, zingokwana magawo ngati 5 pa 100 a zonse zimene zili m'thambo. Zotsalazo azipatsa maina, azindikira mphamvu yake, koma chimene zili sadachigwire. Munda ukamakula, malire ake ndi thengo atalikanso.

Ngakhale pa za chikhulupiriro, Mphunzitsi wamkuluyu sadaone zonse. M'buku lake lija sadafike pa kuvomereza kuti Maria Virigo adasungidwa wopanda tchimo lachibadwa chiyambire mphindi yoyamba ya moyo wake m'mimba mwa mayi wake; koma Papa Pius IX adalengeza chiphunzitso chimenecho mu 1854. Eklezia sabisa zimenezi, ndipo Thomas sachepa nazo. Zingotsimikiza kuti mutu umodzi susenza denga, ngakhale ukhale mutu wa woyera.

MALIRE ACHIWIRI: MULUNGU SAKWANA MU MTSUKO

Mwana uja amene adafunsa kuti Mulungu n'chiyani, atakula adaphunzitsa kuti pa moyo uno munthu adziwa bwino chimene Mulungu sali koposa chimene Iye ali. Adziwa kuti Mulungu alibe chiyambi, alibe mathero, sasintha, sagawika. Koma nkhope yake sadaione. Mau amene anthu amtchula nao, monga Atate, Wabwino, Wanzeru, ndi oona ndithu, koma ndi aang'ono.

Mkazi akapita ku nyanja kukatunga, abwera ndi mtsuko wodzaza. Madzi ali m'mtsukomo ndi a m'nyanja enieni. Aphikira, amwa, asambitsa mwana. Akanena kuti watunga madzi a m'nyanja, sanama. Koma akanena kuti wabwera ndi nyanja, mudzi wonse umseka. Chomwechonso katekisimu, mabuku a ku seminale, ngakhale Summa yomwe: ndi madzi enieni, opatsa moyo, koma si nyanja. Pa tsiku lija la Disembala Thomas adaloledwa kusuzumira nyanja, ndipo atacheukira mtsuko wake adasowa mau. Ena mwa olemba mbiri aganiza kuti thupi lake lidagwidwanso ndi nthenda nthawi imeneyo chifukwa cha kutopa. Zingakhale choncho, pakuti Mulungu aphunzitsa munthu ndi m'kufooka momwe. Koma chifukwa chimene mwini wake adapereka kwa Reginald ndicho cha zimene adaziona.

Malembo Oyera aphunzitsa zomwezi m'nkhani ya Yobu. Abwenzi ake atatu adabwera ndi mayankho okonzeratu, nafotokoza chifukwa cha masautso ake ngati anthu amene adakhala nao pa upo wa Mulungu. Pomaliza Mulungu adayankha Yobu ndi mafunso okhaokha, a maziko a dziko, a nyanja, a nyenyezi ndi a nyama zakuthengo, ndipo adadzudzula abwenzi aja chifukwa sadanene zoona za Iye. Ichi chikhale chenjezo kwa aliyense amene afulumira kuuza wofedwa kapena wodwala chifukwa chake Mulungu wamchitira zimenezo, kapena kuloza chala nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo yadzetsa tsoka. Wonena motsimikiza zimene sadziwa achimwira Mulungu ndi mnzake yemwe.

MALIRE ACHITATU: KUDZIWA SIKUONGOLA MTIMA

Malire awa ndiwo oopsa koposa. Pa 20 Januwale 1942 akuluakulu 15 a boma la Germany adasonkhana m'nyumba ina ku Wannsee, kufupi ndi Berlin, kupangana za kayendetsedwe ka ntchito yopha Ayuda a ku Ulaya. Mwa anthu 15 amenewo, 8 adali ndi digiri yapamwamba ya udokotala wa maphunziro. Adadziwa malamulo, adadziwa kuwerengera, adadziwa kulemba malipoti osalakwika. Pofika 1945 Ayuda ngati 6 miliyoni adali ataphedwa. Sadasowe sukulu anthu amenewo. Adasowa kuopa Mulungu ndi kuona mnzao ngati munthu.

Maphunziro ali ngati nkhwangwa. Kuinola sikuiuza mtengo woyenera kudula. Wakuba wosaphunzira aba nkhuku usiku. Wakuba wophunzira aba mankhwala a chipatala chonse masana, ndi cholembera, ndipo amene afa chifukwa cha iye sadzamdziwa dzina. Mfumu Solomoni adaposa anthu onse pa nzeru, koma pa ukalamba wake mtima wake udapatuka, ndipo ufumu udagawika atamwalira. Paulo Woyera naye adachenjeza Akhristu a ku Korinto za kudziwa kumene kutupitsa munthu m'malo mommanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choongola mtima ndi chaulere cha Mulungu, pamodzi ndi chizolowezi cha kuchita zabwino chimene mwana aphunzira poona akulu.

WAULESI ASAKONDWERE

Pano pafunika kusamala, pakuti alipo amene angamve nkhani iyi mokhota. Mnyamata wothawa sukulu angati: ngati maphunziro ndi mapesi, ndivutikiranji? Bambo wofuna kukwatitsa mwana wake wamkazi asanatsirize sukulu angatenge mau omwewo ngati chishango. Wina angakane kupita ndi mwana ku chipatala, nati madokotala sadziwa zonse. Winanso, wophunzira pang'ono, anganene kuti popeza palibe adziwa zonse, ndiye kuti palibe choona, aliyense atsate zake. Onsewa asokera.

Mlimi aliyense adziwa kuti phesi sililowa m'nkhokwe. Pokolola athyola chimanga, phesi nalisiya m'munda. Koma ndani adaona chimanga chobereka popanda phesi? Miyezi yonse ya dzinja mlimi apalira phesi, alithira feteleza, alibandira, aliteteza ku mbozi ndi anyani, chifukwa ndilo linyamula chakudya. Wodula mapesi mu Januwale, ponena kuti sadyedwa, adzagona ndi njala mu Okutobala. Ndipo wotuta mapesi kudzaza nao nkhokwe, chimanga nachisiya m'munda, adzagona ndi njala yomweyo. Woyamba ndiye wonyoza sukulu; wachiwiri ndiye wopembedza satifiketi.

Thomas adali ndi ufulu wotcha ntchito yake mapesi chifukwa adali ataona zokolola. Adanena mauwo atatha moyo wonse pa mabuku. Amene sadagwire khasu alibe gawo m'mau amenewo. Ndipo Eklezia sadatenthe mapesi aja ayi: adawasunga, nawapereka kwa ophunzira mibadwo yonse, ndipo mu 1879 Papa Leo XIII adalamula kuti chiphunzitso cha Thomas chibwezeretsedwe pa malo oyamba m'maseminale ndi m'sukulu zapamwamba za Katolika. Kudziwa pang'ono sikufanana ndi kusadziwa kanthu. Dokotala sadziwa zonse, koma adziwa kuti udzudzu ndiwo ubweretsa malungo, ndipo kudziwa kumeneko kwapulumutsa ana osawerengeka.

ZIZINDIKIRO ZA MUNTHU WOPHUNZIRADI

Nanga maphunziro enieni n'chiyani? Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro achikhristu cha pa 28 Okutobala 1965, udaphunzitsa kuti cholinga cha maphunziro ndicho kuumba munthu yense, poyang'ana mathero ake omaliza ndiponso ubwino wa anthu amene akhala nao. Munthu woumbidwa chotero adziwika ndi zizindikiro zinayi.

Choyamba, akonda choonadi koposa mbiri yake. Wophunzira wolowa m'mayeso ndi likasa, kholo logula mafunso, mphunzitsi wogulitsa malikisi, onsewa afuna dzina la kudziwa popanda kudziwa. Anama kawiri: anamiza dziko, nadzinamiza okha. Ndipo bodzalo lidzalipidwa ndi ena, tsiku limene namwino wa satifiketi yogula adzaimirira pambali pa mayi wobereka, kapena mmisiri wonyenga adzamanga mlatho.

Chachiwiri, adziwa polekezera nzeru zake, ndipo sachita manyazi kufunsa. Dokotala wabwino ndiye amene atumiza wodwala ku chipatala chachikulu nthenda ikamkulira. Mphunzitsi wabwino, mwana akamfunsa chimene sachidziwa, samkalipira kuti abise umbuli wake, koma alonjeza kukafufuza, nabwera nalo yankho m'mawa mwake. Pamenepo waphunzitsa ana phunziro loposa la m'buku. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Chachitatu, alemekeza osaphunzira. Mu ulaliki womwe uja wa ku Naples, Thomas adanena kuti nkhalamba yachikazi yokhulupirira idziwa za Mulungu ndi za moyo wosatha koposa akatswiri onse amene adakhalako Khristu asanabwere. John Vianney Woyera adalephera Chilatini ku seminale, ndipo adadzozedwa unsembe movutikira mu 1815. Koma atamtumiza ku kamudzi ka Ars, m'dziko la France, mu 1818, anthu ophunzira ndi osaphunzira adayamba kuyenda maulendo ataliatali kukagwada m'kanyumba kake kolapira, kufikira imfa yake mu 1859. Tsono mnyamata wobwera ku tchuthi amene aseka Chingerezi cha bambo wake, kapena kuchita manyazi ndi chitenje cha mayi wake pamaso pa anzake, asonyeza kuti sukulu yamdutsa pamwamba. Mayi ameneyo adziwa kusankha mbeu, adziwa mtambo wa mvula, adziwa kutonthoza anamfedwa ndi kuyanjanitsa banja losweka, adziwa kugawa ufa wochepa kuti ukwanire ana onse. Zimenezo sizilembedwa pa mayeso, koma popanda izo mnyamatayo sakadafika pa sukulu.

Chachinayi, atumikira. Thomas adaphunzitsa kuti kuunikira ena kuposa kungowala, ndi kuti kugawira anzako zimene wasinkhasinkha kuposa kuzisunga. Buku lake lalikulu adalilembera oyamba kumene maphunziro, ndipo mphunzitsi wa ku Paris sadanyozere kulalikira amayi a pamsika m'chilankhulo chao. Nyale ya m'nyumba siyatsidwa kuti anthu aiyamikire, koma kuti aone pokhala. Wophunzira amene mudzi wake sudapindule naye kanthu, koma kungomva kulira kwa galimoto lake pa maliro, ali ngati chitsime chakuya chopanda chingwe.

UDINDO WA YENSE

Chikalata chija cha 1965 chinena poyera kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana ao. Sukulu iwathandiza, siilowa m'malo mwao. Bambo amene afunsa mwana wake nambala imene wakhala m'kalasi, osamfunsa konse ngati anena zoona, ngati apemphera, ngati athandiza anzake, wamuuza kale chimene chili chofunika kwa iye. Kuongola mtengo m'poyamba. Makolo atumize ana onse ku sukulu, aakazi ndi aamuna omwe, ndipo madzulo awasonkhanitse pa mapemphero, kuti mutu ndi mtima zikulire pamodzi.

Aphunzitsi akumbukire kuti ana aiwala zambiri zolembedwa pa bolodi, koma saiwala munthu amene adaimirira patsogolo pao: ngati adafika pa nthawi yake, ngati adakondera, ngati adalemekeza mwana wosauka, ngati adasunga ulemu wa ana aakazi. Ophunzira nao agwire ntchito ndi mphamvu zao zonse, pakuti ulesi pa maphunziro ndi kuba thukuta la makolo ndi kukwirira mphatso ya Mulungu. Koma akapambana asadzitukumule, ndipo akalephera asataye mtima ngati kuti moyo watha. Mtengo wa munthu suli pa pepala. Mwana wolephera mayeso adaomboledwa ndi magazi omwewo amene adaombola mwana wopambana.

MAYESO OTSIRIZA

Kumayambiriro a chaka cha 1274 Papa Gregory X adaitana Thomas ku Msonkhano waukulu wa Aepiskopi ku Lyon. Adanyamuka ali wofooka, nadwala pa njira, ndipo adamtengera ku nyumba ya abambo a ku Fossanova. Pamene adamtengera Ukaristia wotsiriza, adavomereza pamaso pa onse kuti adaphunzira, adachezera usiku ndi kulalikira chifukwa cha chikondi cha Ambuye amene adali kumlandira, ndipo adapereka zolemba zake zonse m'manja mwa Eklezia wa ku Roma, kuti ngati adaphunzitsa kanthu molakwa akonze. Adamwalira pa 7 Malichi 1274, asanakwanitse zaka 50. Papa John XXII adamlemba m'gulu la oyera mu 1323, ndipo Papa Pius V adamtcha Mphunzitsi wa Eklezia mu 1567.

Munthu amene adayankha mafunso zikwi adatsiriza ngati mwana wa sukulu wopereka kope lake kwa mphunzitsi kuti alichonge. Eklezia sadaphonye pomsankha. Adapatsa sukulu nkhoswe imene idaphunzira ndi mphamvu zonse, osapembedza maphunziro; imene idafunsa mopanda mantha, nigwada mopanda manyazi.

Tsiku lidzafika kwa aliyense, kwa mwini madigiri ndi kwa wosindikiza chala, pamene cholembera chidzagwa m'manja ndipo mapesi adzatsala m'munda. Pa tsikulo Mwini munda sadzawerenga mapesi, adzayang'ana m'nkhokwe. Adzafunsa ngati munthu adakonda choonadi chimene adachidziwa, ndi ngati wanjala, wodwala ndi mlendo adapindula nacho. Thomas Aquinas Woyera apempherere makolo, aphunzitsi ndi ana a sukulu onse, kuti alime mosatopa, ndi kuti pa tsiku lokolola asadzapezeke atanyamula mapesi okhaokha.